Mawaya Odumpha Malire: Momwe Maiko a Kummwera kwa Africa Amagawanirana Magetsi

Gawo lalikulu la magetsi a ku Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi limachokera m'chigwa chimodzi, cha mtsinje wa Zambezi. Madamu a Kariba ndi Cahora Bassa ali pa Zambezi penipeni. Makina a ku Kafue Gorge ali pa mtsinje wa Kafue, ndipo a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira ali pa Shire, mitsinje iwiri yomwe imakathira m'Zambezi momwemo. Kummwera nkhani ndi ina. Dziko la South Africa limapanga magetsi ake ochuluka potentha malasha, makamaka m'chigawo cha Mpumalanga, ndipo la Botswana limadalira malasha a ku Morupule. Kumpoto kuli madzi, kummwera kuli malasha, ndipo pa kusiyana kumeneku ndi pomwe padamangidwa mgwirizano wa maiko a m'chigawo chino pa nkhani ya magetsi. Mvula ikagwa bwino, magetsi otsika mtengo a m'madamu amayenera kutsikira kummwera. Kukachita chilala, a malasha amayenera kukwera kumpoto. Nzeruyi yagwirapo ntchito, koma zaka 30 zaonetsanso malo amene imaterereka.

Mawaya adatsogola, ubale udabwera pambuyo

Mawaya oyamba odumpha malire sadamangidwe chifukwa cha chikondi pakati pa maiko. Damu la Kariba lidatha kumangidwa mu 1959, nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo cholinga chake chachikulu chidali kupereka mphamvu ku migodi ya mkuwa ya ku Copperbelt ndi ku mafakitale a ku Southern Rhodesia. Atonga pafupifupi 57,000 adasamutsidwa m'chigwamo kuti madzi adzaze, ndipo ambiri mwa zidzukulu zawo adakula akuunikira koloboyi. Nyasaland, ngakhale idali m'Chitaganya chomwecho, sidaone waya ndi mmodzi yemwe wochokera ku Kariba.

Makina oyamba a pa damulo adaikidwa kutsidya la kummwera. Choncho pamene boma la Ian Smith la ku Southern Rhodesia lidadzilengeza lokha kuti ndi lodziimira mu 1965, dziko la Zambia lidazindikira kuti magetsi a migodi yake ali m'manja mwa boma lomwe silidali kumwerana nalo madzi. Boma la Kenneth Kaunda lidathamangira kumanga malo akeake opukusira magetsi ku Kafue Gorge ndi kutsidya la kumpoto kwa Kariba m'zaka za m'ma 1970. Chodabwitsa nchakuti ngakhale malire a maiko awiriwa adatsekedwa mu 1973, damulo lidapitirira kuyendetsedwa mogwirizana. Madzi sadalole kuti anthu asiye kulankhulana. Kuyambira mu 1987 udindowu uli m'manja mwa Zambezi River Authority, bungwe la maiko onse awiri, lomwe chaka chilichonse limayeza madzi ndi kuuza ZESCO ya ku Zambia ndi kampani yopukusa magetsi ya ku Zimbabwe kuchuluka kwa madzi omwe aliyense angagwiritse ntchito.

Mbiri ya Cahora Bassa njowawa kuposa pamenepa. Apwitikizi adayamba kumanga damuli mu 1969, nkhondo yomenyera ufulu ili mkati, atapangana ndi boma latsankho la South Africa kuti ndilo lizidzagula magetsiwo. Makina ake ndi a mamegawati 2,075, ndipo mawaya aatali makilomita pafupifupi 1,400 adamangidwa kuchokera ku Songo, m'chigawo cha Tete, mpaka ku siteshoni ya Apollo pafupi ndi Johannesburg. M'zaka za m'ma 1980 asilikali a Renamo adagwetsa nsanja zambirimbiri za mawayawa, moti damu lalikulu chotero lidakhala zaka zoposa khumi likupukusa kachigawo kochepa chabe ka mphamvu zake. Magetsi adayambiranso kuyenda cha m'ma 1998. Dziko la Mozambique lidadikira mpaka Novembala 2007, nthawi ya Armando Guebuza, kuti litenge magawo 85 pa 100 a kampani ya Hidroeléctrica de Cahora Bassa, litalipira Portugal ndalama zokwana madola 700 miliyoni a ku America. Ngakhale zidatero, kwa zaka zambiri mzinda wa Maputo wakhala ukulandira magetsi odzera ku South Africa, popeza padalibe waya wamkulu wolumikiza Tete ndi kummwera kwa dzikolo.

Chilala cha 1992 ndi kubadwa kwa msika

Bungwe la SADCC lidakhazikitsidwa ku Lusaka mu 1980 ndi cholinga chochepetsa kudalira South Africa. Patangopita zaka 12, chilala chachikulu cha 1992 chidaonetsa kuti pa nkhani ya magetsi kupatukana kotere sikungatheke. Madzi adaphwa m'madamu a kumpoto, mafakitale a ku Zimbabwe ndi Zambia adavutika, pomwe kampani ya Eskom ya ku South Africa idali ndi makina a malasha ongokhala, osowa ogula. Tsankho litatha mu 1994, chotchinga cha ndale chidachoka. Mu Ogasiti 1995, pamsonkhano wa atsogoleri a SADC, bungwe lomwe lidalowa m'malo mwa SADCC, ku Kempton Park, maiko adasainirana pangano lokhazikitsa Southern African Power Pool, yomwe ambiri amangoitchula kuti SAPP. Nthawi yomweyo kudamangidwa waya wamphamvu wochokera ku Matimba, m'dziko la South Africa, kudutsa ku Botswana mpaka ku Insukamini pafupi ndi Bulawayo, ndipo uwu ndiwo udamanga pamodzi kumpoto ndi kummwera.

Maiko a mu SAPP alipo 12: Angola, Botswana, Democratic Republic of Congo, Eswatini, Lesotho, Malawi, Mozambique, Namibia, South Africa, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Likulu loyang'anira malonda lili ku Harare. Magetsi amagulitsidwa m'njira ziwiri. Yoyamba, yomwe ndi yakale ndiponso yonyamula magetsi ambiri, ndi ya mapangano a zaka zambiri pakati pa makampani awiri, monga la Cahora Bassa ndi Eskom. Yachiwiri ndi ya msika wopikisana, womwe udayamba pang'onopang'ono mu 2001 ndipo udakhazikika mu 2009. Pamsikawu kampani iliyonse imanena lero kuchuluka kwa magetsi omwe ikufuna kugula kapena kugulitsa pa ola lililonse la mawa, pamodzi ndi mtengo wake, ndipo makompyuta a ku Harare amakumanitsa ogula ndi ogulitsa. Dziko lomwe magetsiwo angodutsamo limalipidwa chifukwa cha mawaya ake.

Phindu la dongosololi silili pa malonda pokha. Magetsi sasungika mophweka. Ayenera kupangidwa pa mphindi yomwe akugwiritsidwa ntchito. Dziko lomwe lili palokha liyenera kukhala ndi makina apadera odikirira tsiku lomwe makina aakulu adzawonongeke, ndipo makina ongodikirawo amadya ndalama. Maiko akalumikizana, makina amodzi akaima mwadzidzidzi ku Hwange m'dziko la Zimbabwe, a ku Kafue kapena a ku Mpumalanga amatseka mpatawo anthu asanazindikire. Koma kulumikizana komweku kumatanthauzanso kuti vuto la kwina likhoza kufalikira. Nchifukwa chake pali malamulo okhwima a momwe kampani iliyonse iyenera kuyendetsera makina ake, ndipo makampani atatu, Eskom, ZESA ya ku Zimbabwe ndi ZESCO, ndiwo adapatsidwa udindo woonetsetsa kuti mphamvu ikuyenda mosadukiza m'zigawo zawo.

Cholepheretsa chachikulu chakhala kuchepa kwa mawaya. Nthawi zambiri wogula ndi wogulitsa amagwirizana mtengo, koma magetsi osayenda chifukwa mawaya odutsa pakati pa chigawochi, makamaka a m'dziko la Zimbabwe, adzaza kale. Namibia, yomwe imagula kunja gawo lalikulu la magetsi ake, idazemba vutoli pomanga waya wa Caprivi Link, womwe udatsegulidwa mu 2010 ndipo umailumikiza ndi Zambia mosadzera kummwera.

Membala wopanda waya

Maiko atatu, Angola, Tanzania ndi Malawi, adalowa mu SAPP alibe waya wamkulu wowalumikiza ndi anzawo. Amakhala nawo pamisonkhano, koma kwa zaka zoposa 25 sadathe kugula kapena kugulitsa pamsikawo. Kwa Malawi, mtengo wa kudzipatula kotereku wakhala waukulu, chifukwa pafupifupi magetsi onse a m'madzi a dzikoli amachokera pa mtsinje umodzi. Makina oyamba a ku Nkula adayamba kugwira ntchito mu 1966, kenaka a ku Tedzani, ndipo a ku Kapichira adabwera mu 2000. Onsewa sasunga madzi ochuluka. Amadalira omwe akuyenda tsikulo, amene amawongoleredwa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde. Kupatula kamalo kakang'ono ka ku Wovwe, m'boma la Karonga, pafupifupi zonse zidatsamira pa Shire. Ndipo Shire adaphwapo: kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'zaka za m'ma 1930, madzi a m'nyanja ya Malawi adatsika kwambiri moti adaleka kusefukira mumtsinjewu.

Mavuto a masiku ano sadafike pamenepo, koma aluma. Matope ochokera m'mapiri odulidwa mitengo ndi namasupuni amatseka makina nyengo ya dzinja. Nyanja itatsika pakati pa 2015 ndi 2017, kuthimathima kwa magetsi kudafika poti madera ena amatha tsiku lathunthu ali mumdima, ndipo mu 2018 dziko lidalowa m'majenereta adizilo obwereka, omwe magetsi ake ndi okwera mtengo zedi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la ku Kapichira, ndipo mamegawati pafupifupi 130 adazima usiku umodzi, kufikira ntchito yokonza idatha m'chaka chotsatira. Nthawi yonseyi damu la Cahora Bassa lidali kupukusa magetsi kuseri kwa Mwanza, n'kumawatumiza ku Johannesburg. Wachigayo wa ku Lunzu ndi wowotcherera zitsulo wa ku Ndirande adalibe kopala moto, ngakhale kwa mnansi kumafuka utsi.

Sikuti nzeru yolumikizana idabwera mochedwa. Mawaya ang'onoang'ono akhala akudumpha malire kwa nthawi yaitali: kampani ya ESCOM ya ku Malawi idaperekapo magetsi ku Lundazi m'dziko la Zambia ndi ku Milange m'dziko la Mozambique. Mu 2007 World Bank idavomereza ngongole yomangira waya wamkulu wochokera ku Tete, koma boma la Bingu wa Mutharika lidaona kuti ndalama zolipira mwezi ndi mwezi nzochuluka, ndipo ntchitoyo idafera m'mazira. Nkhawa ya ndalama zakunja idali yoona, komabe zimene dziko lidataya m'zaka za mdima zotsatira zikuonetsa kuti chiganizocho chidalakwika. Mu 2013 Joyce Banda ndi Armando Guebuza adatsitsimutsa panganolo, ndipo mu 2019 World Bank idavomerezanso thandizo, mothandizana ndi banki ya KfW ya ku Germany ndi boma la Norway. Waya wake ndi wa makilomita 218, kuchokera ku Matambo m'chigawo cha Tete mpaka ku Phombeya m'boma la Balaka, ndipo pangano loyamba ndi la mamegawati 50. Ku Phombeya ukukumana ndi waya wina wamphamvu wopita ku Nkhoma, kufupi ndi Lilongwe, womwe udamangidwa ndi thandizo la Millennium Challenge Corporation pakati pa 2013 ndi 2018. Popanda waya wam'katiwu, magetsi ochokera kunja sakadakhala ndi podzera kupita kuchigawo chapakati.

Onse akamva njala nthawi imodzi

Maziko a SAPP adali akuti wina akasowa, wina amakhala nazo. Izi zidayamba kugwedezeka pamene South Africa idasiya kukhala ndi magetsi otsala. Boma la dzikolo lidachedwa kumanga makina atsopano, ndipo mu Januwale 2008 magetsi adachepa mpaka migodi ya golide ndi pulatinamu idaima kwa masiku angapo. Maiko ngati Botswana, omwe adazolowera kugula kwa Eskom, adadzidzimuka ndi kuyamba kumanga zawozawo mwaphuma. Malo aakulu a Eskom a Medupi ndi Kusile adachedwa kutha ndipo adadya ndalama zoposa zomwe zidakonzedwa, pomwe makina akale adali kuwonongekawonongeka. Chaka cha 2023 ndicho chidaipitsitsa: magetsi adathimitsidwa mwadongosolo masiku oposa 300. Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai adagwetsa nsanja za mawaya a Cahora Bassa, ndipo mdima udakula ku Johannesburg, umboni woti ngakhale dziko lalikulu limatsamira pa laling'ono.

Kumpoto nako chilala chidayamba kubwera pafupipafupi. Mu Novembala 2022 Zambezi River Authority idalamula kampani ya ku Zimbabwe kuti ileke kupukusa ku Kariba chifukwa idali itamaliza madzi ake a chakacho. Ili ndi phunziro la mphamvu ya bungwe logwirizana: kalata ya akatswiri a madzi idakakamiza dziko lodziimira palokha kuchepetsa magetsi ake, pofuna kuteteza damu la onse. Chilala cha El Niño cha 2024 chidaposa apa. Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza mu Febuluwale chaka chimenecho kuti dziko la Zambia lili pangozi, Zambia ndi Zimbabwe adangopatsidwa madzi a ku Kariba okwana makiyubiki mita 16 biliyoni kuti agawane pakati, ndipo miyezi ya chilimwe mabanja ambiri a ku Lusaka amaona magetsi maola atatu okha patsiku. ZESCO, yomwe idazolowera kugulitsa kunja, idasanduka wogula, ndipo mitengo idakwezedwa kuti papezeke ndalama zogulira. Pofika kumapeto kwa chakacho nalonso damu la Cahora Bassa lidali litaphwa kwambiri, popeza madzi ake ambiri amadzera ku Kariba ndi ku Kafue.

Apa ndi pomwe pali kufooka kwenikweni. Madamu a pa Zambezi ndi ambiri, koma mvula yake ndi imodzi. Ngakhale malo atsopano monga Kafue Gorge Lower, a mamegawati 750, kapena omwe akukonzedwa ku Batoka Gorge ndi ku Mphanda Nkuwa, onse akudikira mtambo womwewo. Komatu m'chaka chomwecho cha 2024, pamene Kariba amauma, nyanja ya Malawi idadzaza mpaka kumiza nyumba ndi malo ogona alendo ku Mangochi, chifukwa madzi ake ambiri amachokera kumpoto ndi kumapiri a kummwera kwa Tanzania, komwe mvula idagwa yambiri. Izi zikusonyeza kuti Malawi sangakhale wogula chabe pamsikawu. Malo a Mpatamanga, a mamegawati oposa 350 omwe akukonzedwa pa Shire, ndi magetsi a dzuwa monga a ku Salima a mamegawati 60 ndi a ku Golomoti a mamegawati 20, akhoza kupeza ogula kunja m'zaka zomwe anansi ali pamoto.

Mafuta nawo amadutsa kwa eni

Kwa maiko opanda doko, chitetezo cha mphamvu chimakhudzanso petulo ndi dizilo. Zambia idaphunzira izi mu 1965 njira ya mafuta ya kummwera itatsekeka, ndipo mogwirizana ndi Tanzania idamanga paipi ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Ndola, yomwe idatsegulidwa mu 1968. Kwa zaka zambiri idanyamula mafuta osayenga, ndipo kuyambira mu 2023 imanyamula dizilo woyengayenga. Zimbabwe imadalira paipi yochokera ku Beira kukafika ku Feruka pafupi ndi Mutare, ndipo m'zaka za m'ma 1980 idatumiza asilikali ake ku Mozambique kukailondera.

Malawi alibe paipi. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala m'zaka zomwezo, katundu adayamba kuzungulira mitunda italiitali, ndipo ndi pomwe padatsegulidwa njira ya kumpoto, yokhala ndi malo osungira katundu wa Malawi ku Dar es Salaam ndi ku Mbeya. Mpaka lero mafuta amalowa kudzera m'madoko atatuwa, ambiri pa mathankala. Bungwe la NOCMA lili ndi nkhokwe za mafuta ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, koma nkhokwe sizithandiza ngati ndalama zakunja zodzazira palibe, monga momwe mizere ya pa malo omwetsera mafuta ya 2011 ndi ya zaka zaposachedwa yaonetsera. Zipolowe zomwe zidatsatira chisankho cha ku Mozambique cha mu Okutobala 2024 zidasokonezanso njira ya ku Beira, ndipo zidakumbutsa kuti mtendere wa mnansi ndi gawo la chitetezo cha mafuta.

Ngongole, malamulo ndi mawaya omwe akubwera

Magetsi odumpha malire amalipiridwa ndi ndalama zakunja, pomwe makampani ogula amatolera makwacha kapena ndalama zina zam'dziko zomwe zimagwa mphamvu. Kampani ya ZESA idakhalapo ndi ngongole zazikulu kwa Eskom ndi kwa Cahora Bassa, ndipo ogulitsawo adachepetsa magetsi mpaka ngongole zitayamba kubwezedwa. Msika wa tsiku ndi tsiku umafuna kuti wogula aikiretu chikole, choncho kampani yopanda ndalama imangoyang'ana ngakhale waya ulipo. Nkhani ya mitengo ya magetsi, yomwe ku Malawi imaweruzidwa ndi MERA, ndi yolumikizana ndi zimenezi: mtengo ukatsika kwambiri kampani imalephera kulipira, ukakwera kwambiri mabanja amabwerera ku makala. Ndipo m'dziko lomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo amaunikira magetsi a ESCOM, waya wochokera ku Tete suyatsa babu m'mudzi womwe mapolo sadafike. Mabungwe oyang'anira magetsi a m'maiko a SADC ali ndi mgwirizano wawo, wotchedwa RERA, womwe likulu lake lili ku Windhoek, ndipo ntchito yake ndi kuyandikitsa malamulo kuti malonda otere asamakodwe pamalire.

Yankho la vuto la mvula imodzi ndi kufikira zigwa zina. Mtsinje wa Congo uli ndi madzi chaka chonse, ndipo magetsi a ku Inga amafika kale ku Kolwezi pa waya wa makilomita 1,700, ngakhale kuti migodi ya ku Katanga imawamaliza ndipo imagulanso ena kuchokera kummwera. Angola ili ndi magetsi otsala a pa mtsinje wa Kwanza, ndipo pali dongosolo loilumikiza ndi Namibia. Kummawa, Tanzania yamanga damu la Julius Nyerere pa mtsinje wa Rufiji, la mamegawati 2,115, ndipo idalumikizana ndi Kenya, yomwe kuyambira mu 2022 imalandira magetsi ochokera ku Ethiopia. Waya womwe ukumangidwa pakati pa Zambia ndi Tanzania, wodzera ku Nakonde ndi Tunduma, udzalumikiza SAPP ndi msika wa maiko a kummawa kwa Africa, wa Eastern Africa Power Pool, womwe udakhazikitsidwa mu 2005. Kawirikawiri El Niño akabweretsa chilala kummwera, kummawa kumagwa mvula yochuluka, choncho misika iwiriyi siimva ludzu nthawi imodzi. Malawi nawo ali ndi mapulani a mawaya opita ku Zambia kudzera ku Chipata ndi ku Tanzania kudzera ku Songwe, komwe maiko awiriwa adakhazikitsa kale bungwe loyang'anira mtsinjewo ndipo akufuna kumanga damu la mamegawati pafupifupi 180 loti adzagawane pakati.